Tameki alibe maso: lekani kuthira poizoni m'dambo la Chilwa

Abale anga a kuno kumudzi, ndi inu achimwene ndi achemwali muli ku Zomba, ku Limbe, ku Lilongwe mpaka ku Joni, lero nkhani ndi yaitali komanso yowawa pang'ono, ndiye pezani pokhala. Pali anthu m'midzi yathu ino amene ayamba kusakaniza mpunga ndi tameki n'kukamwaza m'mphepete mwa dambo madzulo, kuti m'mawa akatole mbalame zakufa. Mbalamezo akumazisosola, kuziwamba, n'kukagulitsa ngati ndiwo. Dzina la munthu sinditchula, eniake akudzidziwa, ndipo ena a inu mukuwadziwa koma mwangoti zii. Ine ndikuti mchitidwe umenewu uthe. Ukupha antchito a m'minda mwathu, ukuwononga madzi, ndipo ukuika moyo wa anthu pachiswe, kuyambira mwana wa kuno mpaka inu ogula m'tauni.

Ukawafunsa, yankho limakhala limodzimodzi: "Mbalame ndi mbalame basi, zonse n'zotha mpunga." Bodza lonse lagona pamenepa. Ife tikukhala m'mbali mwa nyanja imene ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 150, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mbale yakeyake. Zodya mpunga zilipo, ndizitchula, sindizibisa ayi. Koma zambiri mwa zimene mumaziona m'damboli sizinalaweko njere ya mpunga chibadwire, milomo yake yomwe ikuchita kukana. Munthu wolima m'dambo koma osadziwa chimene mbalame iliyonse imadya ali ngati mwini munda amene sasiyanitsa waganyu ndi wakuba, ndiye akungowakwapula onse.

Kwa inu ana obadwira m'tauni, amene Chilwa mumangoimva m'kalasi, ndiyambe ndakuuzani malo ake. Ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi muno, ndipo yakhudza Zomba, Machinga, Phalombe ndi malire a Mozambique. Madzi amalowa kudzera m'mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, koma mtsinje wotulutsa palibe. Chimene chalowa mu Chilwa chimakhala momwemo. Mawu amenewa muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku. Nyanjayi ndi yosazama, malo ambiri bwato timangolikankha ndi nsungwi. Madzi akachepa, pakati pa nyanja amamveka kamchere, koma pamene mitsinje ikuthira, m'njedza ndi m'madambo a mpunga, madzi ake ndi abwinobwino. Mmenemo ndiye muli nkhokwe ya mbalame: matemba, achule, nkhono, nyongolotsi, ziwala ndi njere za udzu. N'chifukwa chake mu 1996 Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo inali yoyamba m'dziko muno. Mu 2006 a UNESCO nawonso anailemba pa malo awo osamalidwa. Anthu akutali anaona chuma pamene ena a ife tikuonapo pomwaza poizoni.

Tsopano tiyeni tiyende limodzi m'dambo, tione yemwe akudya chiyani. Tiyambe ndi asodzi anzathu. Vuwo, chimbalame choyera cha thumba kunsi kwa mlomo, chimasodza pagulu. Amandanda ngati anthu okoka khoka, kuthamangitsira nsomba posaya, kenako onse kuviika milomo nthawi imodzi. Mphipi imamira pansi pa madzi kuthamangitsa nsomba, ikatuluka imakhala pa chikuni mapiko ali tambasu, kuyanika nthenga. Nkhwazi imakhala pamwamba pa mtengo maso ali pamadzi, ikaona khumba kapena mlamba wayandikira pamwamba imatsika n'kutola ndi zikhadabo. Ikagwidwa ulesi imalanda nsomba kwa mbalame zinzake, ndipo ikapeza chakufa siinyansidwa nacho. Nkhwazi yomweyo ndi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu. Palinso kambalame ka mawanga akuda ndi oyera kaja, kamene kamaima malo amodzi m'malere kakukupiza mapiko, kenako n'kudziponya m'madzi chamutu. Pa onsewa, ndani munamuona akutafuna mpunga?

Tisunthire posaya, pamene madzi amalekeza m'mawondo. Chimeza chimaima duu ngati chitsa, ola lathunthu, kudikira nsomba, chule, mbewa kapena kanjoka. Kuli chinzake chakuda chimene chimatambasula mapiko ngati ambulera, tinsomba tikathawira pamthunzi wakewo chimangotola. Kakowa inu nonse mumamudziwa, amatsata ng'ombe ndiponso amatsata khasu. Sikuti amakonda ng'ombe kapena amatikonda ife, akufuna ziwala, mbozi ndi tizilombo timene tikuvumbuluka. Nantchengwa, mwini chisa chachikulu ngati nyumba, ndiwo yake ndi achule ndi ana a achule. Nswankhono dzina lake likunena lokha: mlomo wake uli ndi mpata pakati, ndipo ntchito yake ndi kuchotsa nkhono zikuluzikulu za m'madzi m'zigoba zake. Ndiye pali ija ya zala zazitali yoyenda pamwamba pa masamba oyandama ngati ikuyenda pamsewu, imene imatembenuza masamba kufuna tizilombo. Imeneyo azibambo tiphunzirepo: yaikazi ikaikira mazira imachoka, wofungatira ndi kulera ana ndi tambala wake, mpaka kumawanyamula anawo m'mapiko. Ukaiona ikuthawa, kunsi kwa mapiko kukulendewera timiyendo.

Mumlengalenga muli anamzeze, amene tsiku lonse amawakha tizilombo touluka, mlomo sugunda pansi. Ena mwa iwo ndi alendo. Amaswana ku Ulaya, kuzizira kukayamba kumeneko amauluka makilomita masauzande n'kufika kuno cha mu Okutobala ndi Novembala, kenako amabwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Kambalame kolemera magalamu 20 okha, kopanda pasipoti, kuwoloka nyanja ndi chipululu cha Sahara. Momwemonso timbalame totuwa ta miyendo yaitali timene timathamangathamanga m'matope tikujompha nyongolotsi, tambiri timachokera ku Ulaya ndi ku Asia. Ndi mvula yoyamba kumabweranso zimbalame zazitali, zina zakuda za pamimba poyera, zina zoyera za mapiko akuda ndi milomo yofiira, zimene zimayenda m'minda m'magulu kudya ziwala ndi ntchemberezandonda. Usiku shifiti imakhala ya kadzidzi. Anthu timamuda, timati ndi wa afiti, koma chakudya chake chachikulu ndi mbewa ndi makoswe, omwewo amene amadula mpunga m'munda n'kutiboolera matumba m'nyumba.

Tsopano akuba enieni aja, ndinalonjeza kuti sindiwabisa. Woyamba ndi mpheta, makamaka zija za milomo yofiira zobwera ngati mtambo. Zikatera pamunda mpunga uli pa mkaka, munthu umalira ndithu, ndipo palibe mlimi wa m'dambo amene sanaluzeko nazo. Achipiyo, abakha a m'tchire oimba likhweru aja, chakudya chawo ndi njere, ndipo amabwera usiku kudzatola mbewu yofesa kumene kapena mpunga wogwera m'madzi. Tsekwe amadya msipu ndi mbewu, akalowa m'munda amapondaponda. Nthutuwiri ndi nadititi zimadya zosakaniza, njere, mphukira ndi tizilombo, ndipo nazo zimalawako mpunga. Ndiye inde, vuto lilipo, ine ndine mlimi, ululu wake ndimaudziwa. Koma werengani bwino: pa mitundu yoposa 150 ija, otha mpunga ndi ochepa chabe, zala za manja awiri zikhoza kuwakwana. Funso ndi lakuti, kodi tameki amasankha ochepawo?

Tameki alibe maso. Timibulu takuda tija tinapangidwa kuti tiphe tizilombo ta m'nthaka m'minda ikuluikulu, ndipo ndi mmodzi mwa mankhwala a poizoni wamphamvu kwambiri amene anagwiritsidwapo ntchito paulimi. Amasungunuka msanga m'madzi. Mpunga wothira uja adya chipiyo, inde, komanso adya njiwa, idya nkhuku ya mnzako yopita kudambo, idya mbewa. Chithaphwi chimene mwamwazamo chija muli achule, tinsomba ndi nyongolotsi, izo zikayamba kuphupha, chimeza ndi kakowa amabwera kudzatola zosavuta kugwira. Ndiponso mbalame yodya poizoni siifera pamalo pomwepo nthawi zonse. Ina imauluka n'kukagwera m'njedza momwe wotola safikamo. Kumeneko aipeza kabawi, khwangwala, nkhwazi, galu kapena mphaka. Mbewa yoledzera ndi poizoni aitola kadzidzi, apo ayi aikumba mwana wanu wopita kosaka mbewa. Munthu mmodzi kufuna abakha khumi, maliro n'kugwa dambo lonse. Ndipo kumbukirani mawu aja, Chilwa ilibe potulukira. Zimene mvula yakokolola m'dambo zimapita komwe timasodza, komwe ng'ombe zimamwa ndi komwe azimayi amachapa.

Ngongole yake sitiilipira tsiku lomwelo, imabwera mochedwa. Mwina ena simudziwa kuti zigwa za Chilwa ndi Chiuta ndi amodzi mwa malo odziwika kumene dzombe lofiira limaswana m'chigawo chino cha Africa. Kuli bungwe la mayiko angapo, likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, limene ntchito yake ndi kulondera malo ngati amenewa, ndipo helikopita zimene zimazungulira pamwamba pa udzu nthawi zina zimakhala zikuyang'ana dzombelo. Koma helikopita imabwera mwa apo ndi apo. Alonda a tsiku ndi tsiku ndi akakowa, zimeza ndi zimbalame zazitali zobwera ndi mvula zija, zimene zimadya ana a dzombe asanamere mapiko. Sindikunena kuti mbalame zokha zingathetse mliri, koma chiwala chilichonse chimene chadyedwa lero sichidzaikira mazira mawa. Alonda amenewa salandira malipiro, safuna makuponi, sapempha nsima ya masana. Ukawapha, ziwala, mbozi ndi makoswe zimapuma bwino. Kenako munthu yemweyo amene anamwaza tameki adzayamba kudandaula kuti makoswe achuluka chaka chino, n'kupita kukagula tameki wina. Ndalama kutuluka kawiri, munda osapindula.

Tsopano inu a m'tauni, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya kumudzi kokha. Mbalame zowamba zimene mumagula m'mbali mwa msewu kapena kumwera mowa Loweruka, mumadziwa mmene zinafera? Opha ndi poizoni amati palibe vuto chifukwa amachotsa matumbo ndi chithokomiro chodzaza mpunga chija. Zabodza. Poizoni ameneyu sakhala m'matumbo kudikira mpeni, amalowa msanga m'magazi, ndiye chifukwa chake mbalame imafa. Kuwamba pa moto wa makala si chitsimikizo choti watha. Mwa munthu amagwira mitsempha: malovu kuchucha, thukuta, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera, maso kuona mwachimbuuzi, mpweya kubanika. Wamkulu mwina apulumuka ndi kupotokola kwa m'mimba n'kumati ndi mowa wa dzulo, koma mwana wa zaka zitatu thupi lake ndi laling'ono. Munthu akaonetsa zizindikiro zimenezi atadya mbalame, musataye nthawi ndi mkaka kapena makala osinja kunyumba, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene chimene wadya. Ndipo inu amene mumaimba foni kuti "mutitumizireko timbalame pa minibasi", dziwani kuti msika umenewu mukuukulitsa ndinu. Kukanakhala kopanda wogula mosafunsa, wothira poizoni akanasowa kopita nazo.

Ndikudziwa chimene ena anene mu ndemanga: "Inu mukuyankhula chifukwa muli ndi mpunga m'nyumba, ife njala." Njala ndi yoona. Januwale ndi Febuluwale kuno si masewera, ndipo nsomba zikasowa, mbalame ndi zimene zapulumutsa mabanja ambiri, ndiwo ndi ndalama ya sopo yomwe. Ine sindikunena kuti munthu wa ku Chilwa asadye mbalame. Agogo athu ankadya, ife tadya. Koma mlenje weniweni amadziwa chimene akufuna, amadziwa njira ya chipiyo ndi pobisala nthutuwiri, amagwira zokwanira n'kubwerera kwawo, zotsala zikaswane. Wa tameki sasankha, amapha yaikazi yofungatira, amapha yosadyedwa, amapha ndi ya chaka chamawa yomwe. Ndiye amene akuba chakudya cha wosauka ndani, ine wolemba kapena iye? Wa ndalama mbalame zikatha akagula nkhuku. Wosauka adzapita kudambo mu Febuluwale n'kupeza kuli zii. Njala ya lero siipatsa munthu chilolezo chodyetsa poizoni mwana wa mnzake.

Ena amati mbalame ndi za Mulungu, sizingathe. Madzi a Chilwa nawo ndi a Mulungu, koma anauma mu 1968, anaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi m'malo amene kale ankapalasa bwato, mabwato ali gone pa Kachulu. Nyanja ikauma mbalame zimabalalika, zina zimafa, ndipo zimachulukanso pokhapokha ngati patsala mbewu. Enanso amati vuwo, mphipi ndi nkhwazi zife chifukwa zikutha nsomba. Abale, mbalame zimenezi zakhala zikudya nsomba kuyambira kalekale, nthawi imene matemba ankadzaza mabwato mpaka kusowa poyanika. Chimene chasintha ndi ife: maukonde a udzudzu amene tinalandira kuti tizigonamo tikukokera nsomba ndi mazira omwe, mitengo ya kumapiri tadula ndipo mitsinje ikubweretsa matope, njedza tikutentha chilimwe chilichonse. Tikamaloza chala mphipi tikungothawa mlandu wathu. Asodzi akale ankayang'ana kumene mbalame zasonkhana kuti adziwe kumene kuli nsomba, ndipo zitosi za mbalamezo ndi manyowa a m'madzi.

Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti anthu a kuno tinagwirizanapo kale pa nkhani ngati yomweyi. Nyanja itauma mu 1995, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a mitsinje. Mafumu ndi a zausodzi anagwirizana kuti maiwe amenewo atetezedwe ndipo katupe asathiridwemo, chifukwa aliyense anamvetsa kuti ukapha za m'dziwe wapha mbewu ya nyanja yonse. Madzi atabwerera, nsomba zinabwerera. Pambuyo pake alenje a mbalame nawo anapanga makalabu awo mothandizana ndi a Wildlife and Environmental Society of Malawi, n'kupatula malo oswanirana mbalame osasakamo. Nzeru imeneyi inali ya anthu ofuna kuti ana awo adzadyenso. Tameki ndi katupe wa mbalame. Ngati tinakana uja, uyu tikumulekereranji? Lamulo la boma loteteza nyama zakutchire nalo limaletsa kusaka ndi poizoni, ndiye amene akuchita izi asadzati sanauzidwe.

Nanga mpunga tiuteteze bwanji? Njira yopanda thukuta palibe, koma zothandiza zilipo. Choyamba, tizibzala nthawi imodzi. Munda umene wacha wokha, anzake asanache kapena atakolola kale, ndi umene mpheta zonse za m'dera zimaunjikirapo. Tikabzala pamodzi, zimagawana minda yambiri ndipo aliyense amaluza pang'ono. Chachiwiri, tizipalira ndi kusenga udzu wa m'milambala, chifukwa mpheta zimayamba kukopeka ndi njere za udzu, mpunga zimaupeza zitafika kale. Chachitatu, kuwokera mbande kumachepetsa mbewu imene achipiyo amatola usiku poyerekeza ndi kumwaza. Chachinayi, kuinga: zingwe, zitini, mapepala onyezimira, legeni, makamaka m'mamawa ndi madzulo pamene mbalame zimadya kwambiri. Zoopsezera muzizisuntha, zikakhala malo amodzi mbalame zimazizolowera mpaka kuteramo. Minda yoyandikana tizisinthana kulondera, mutu umodzi susenza denga, m'malo mojombetsa ana kusukulu mwezi wathunthu. Ndipo mpunga ukacha tisamauchedwetse m'munda.

Ndiye pempho langa lili motere. Mafumu athu, a gulupu ndi a nyakwawa, itanitsani msonkhano mpunga usanayambe kubereka, ndipo chindapusa cha wothira poizoni m'dambo chidziwike poyera, chikhale chowawa. Akuluakulu a masikimu a mpunga, lembani zimenezi m'malamulo anu, wopezeka alandidwe puloti. Inu ogulitsa timibulu takuda m'timapepala topanda dzina pamsika, pafupi ndi tomato ndi usipa, mukudziwa bwino kuti si onse akugula chifukwa cha makoswe. Alenje enieni a m'makalabu, dzina likuipa ndi lanu, musamubise mnzanu wotere. Abusa ndi mashehe, nenaniko pa guwa ndi pa Lachisanu. Inu a m'tauni, mukafuna mbalame gulani kwa munthu amene mukumudziwa ndipo funsani mmene anaigwirira. Ngati mukufunadi kuthandiza kumudzi, tumizani ndalama ya waganyu woinga mbalame mwezi wa Epulo, mpunga wake mudzadya nawo.

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Wothira tameki ndi mmodzi, koma maliro akagwa tidzakumba manda ndi tonse, ndipo makoswe akachuluka sadzafunsa kuti munda uwu ndi wa yani. Amene mukuona kuti ndanama, lembani pansipa, mutchule mbalame imene ndainamizira chakudya, tikambirane mwaulemu. Amene muli ndi abale opanda foni, awerengereni madzulo ano. Ndipo iwe mwana wa kwathu amene wasunga kapepala kakuda kudenga, usakataye m'madzi kapena kudzala kumene ana ndi nkhuku amafika. Kapereke kwa alangizi a zaulimi, iwo akudziwa kosunga. Tionana kudambo.